Lamba Amene Ankakunga Apongozi Anga

Kabudula, zaka za m'ma 1980

Ana anga, mutu uno ndi wa agogo anu a Msampha, bambo awo a amayi anu. Inu mudawadziwa ali nkhalamba yokonda kudimba, yoyankhula mokuwa. Ine ndidawadziwa ali mmisiri woopedwa, ndipo ndikufuna muwaone mmene ndidawaonera ine.

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndidaipeza pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kabudula. Ndidapita kukafuna ganyu wopalira, koma kapitawo atayang'ana mapewa anga adanditumiza kwa ocheka matabwa. Kucheka kwake kudali kwa padzenje: chipika chimagonekedwa pamwamba, munthu mmodzi amaima pachipikapo, wina amalowa m'dzenje, sowo yaitali ili pakati pawo. Wam'dzenje ndidali ine. Wapamwamba ndiye amaona mzere, wapansi amangokoka, utuchi ukumuthira m'maso ndi m'khosi. Madzulo ndinkatuluka nditayera ngati ndagona pachigayo.

A Msampha adali kalipentala wa esitetiyo. Ankakhoma zitseko za mabalani, kukonza ngolo ndi mabokosi opanira mabelo a fodya. Adali munthu wamfupi, wa pensulo kukhutu, wa pakamwa polasa. Tsiku lina atabwera kudzatenga matabwa adandiponyera tepi kuti ndiyeze thabwa limodzi. Ndidaitambasula, ndidaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ndidatchula nambala imene idangobwera m'mutu.

"Iwe, tepiyo ukuiwerenga kapena ukuipempherera?" adandifunsa.

Anzanga adaseka mpaka wapamwamba adatsala pang'ono kugwera m'dzenje. A Msampha sadaseke. Adandifunsa ngati ndidapondako kusukulu, ndidati ayi, ubwana wanga udathera kubusa. Mawa lake adakauza kapitawo kuti akufuna munthu wowagwirira matabwa ndipo asankha ine. Adandiikira lamulo limodzi, kuti ndizipita kusukulu ya kwacha imene inkakumana kutchalitchi masana. Ndidapezeka mwamuna ndekha pakati pa amayi, ndevu zili kale pachibwano, ndikuimba a, e, i, o, u. Amayiwo adandipatsa dzina loti Abambo a M'kalasi ndipo ankandiitana choncho ngakhale pamsika. Nditadandaula kuti ndikufuna kuleka, a Msampha adangoti dzenje lija silidakwiriridwe, ndingathe kubwererako tsiku lililonse. Ndidapitiriza. Ngati mukupeza zilembo zokhota m'zimene ndalembazi, mudziwe kuti dzanja lidaphunzira litauma kale, koma kuti lidaphunzira n'komwe ndi chifukwa cha iwowo.

Namitete, zaka za m'ma 1990

Esiteti ija itagulitsidwa, bambo wina dzina lake a Chigwenembe adagula makina akale amene adali mmenemo n'kutsegula shopu ya mipando ku Namitete, pafupi ndi msewu wa ku Mchinji. Adatenga a Msampha kuti akhale folomani, ndipo a Msampha adatenga ine. A Chigwenembe adali dalaivala wa malole wopuma, ndipo sankabisa kuti za matabwa sazidziwa. Ankati iwo amadziwa magiya basi. Adali bwana wabwino. Pamaliro ankatipatsa matabwa a bokosi osawerengera, ndipo munthu akadwala ankamunyamula okha pagalimoto. Vuto lawo lidali limodzi. Panjira adazolowera kuti lole ikavuta umachotsa chitsulo chimene ukuchikayikira n'kuikapo china, ulendo upitirire. Ndi anthu ankachitanso chimodzimodzi.

Mwa makina onse a m'shopumo, amene ankatidyetsa adali bendiso. Kwa inu amene simudawaone bwino, ndi makina oimirira, otalika kuposa munthu, okhala ndi mawilo awiri achitsulo, lina pamwamba lina pansi. Pamawilopo pamazungulira sowo yopyapyala yolumikiza mbali zonse ngati lamba wa buluku, n'chifukwa chake ife tinkangoti lamba. Ndi lamba ameneyu tinkadula miyendo yokhota ya mipando ndi zotsamira, zimene sowo ina singathe. Pamwamba pa makinawo pali handulo. Ukaipotoza, wilo lapamwamba limakwera ndipo lamba amakungika. Ukaibweza, amakhwepa. Nkhani yonse ya bendiso yagona pahandulo imeneyi. Lamba wokhwepa amasochera m'thabwa, iwe ukufuna kumanja iye akupita kumanzere, nthawi zina amavuka pawilo. Wokungika kwambiri amadula bwino zedi, mpaka tsiku limene aduke.

Pamakinapo padali kale kachizindikiro kosonyeza kukungika, koma kadathyoka tisanawagule. A Msampha sankakasowa. Mmawa uliwonse, makina asanayake, ankapotoza handulo pang'onopang'ono ndi dzanja lamanja, kwinaku chala cha kumanzere chikukola lamba n'kumusiya kuti alire. Poyamba amangoti bu, bu, ngati ng'oma yonyowa. Kenaka mawu amayamba kuyera, mpaka amafika pena pamene amati ndiii, n'kumapitirira kulira chala chitachoka. Pamenepo ankasiya. Madzulo poweruka ankamukhwefula, ati chitsulonso chimafuna kugona. Handulo imeneyo padalibe wina ankaikhudza, ngakhale a Chigwenembe eni makina. Mnyamata wina adayesapo, adathera sabata yonse akuwola utuchi.

M'zaka zimenezi ndidakwatira amayi anu n'kukamanga nyumba pamudzi pawo monga mkamwini. Kuyambira tsiku la ukwati, zonse pakati pa ine ndi a Msampha zidasintha. Munthu amene ankanditi iwe, amene ankanditi manja anga ndi a phala, adayamba kunditi a Phiri. Ndikalakwitsa muyeso sankandikalipiranso. Ankangotenga thabwalo, kuliyang'ana, n'kuliimika pambali. Nthawi zina ankauza munthu wina kuti auzeni a Phiri achite chakuti, ine ndili pomwepo. Popita kuntchito tinkadzera njira imodzi, koma ndinkawasiya atsogole ndi njinga yawo, ine ndikubwera patali. Sikuti padali chidani. Udali ulemu, ndipo anthu ankatiyamikira nawo. Koma ndikuuzeni zoona, ndinkasowa kutukwanidwa kuja, chifukwa munthu amene amakutukwana umatha kumuyankha.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo kudabwera a Namakhwa. Kwawo kudali ku Phalombe, ndipo adabwera kuno ngati tenanti pa esiteti ina ya ku Nsaru. Fodya atawakanika adachokako opanda kanthu, n'kuyamba kusema timipando n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. A Msampha adaona kampando kamodzi, adakatembenuza, adakagwedeza, n'kukauza bwana kuti munthu uyu tisamusiye. A Chigwenembe adawapatsa chipinda cha kuseri kwa shopu kuti azikhalamo ndi mkazi wawo ndi ana, aziyang'aniranso malo. Anyamata ankawaseka mayankhulidwe a kumwera, n'kumawafunsa ngati kalongonda wapsa, nyemba za kwawo zija zochedwa kupsa. Iwo ankayankha kuti kalongonda amafuna munthu woleza mtima, osati anthu a kuno amene akagwira mbewa amaidya isanasiye kuphupha. Dzanja lawo lidali lodekha, ndipo pasanapite nthawi iwo ndiwo ankaima pabendiso tsiku lonse. Kukunga lamba kokha ndiko kudatsalabe kwa a Msampha.

Namitete, chaka chimene malamba adasowa

Chidali chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pamene malamba adayamba kuduka. Kale lamba ankatha mano, timamunola, amathanso, mpaka timamutaya tokha. Tsopano ankaduka mano akadali akuthwa. Lamba akamaduka amalira ngati mfuti, ndipo nsonga yake imakwapula chilichonse chili pafupi. Tsiku lina adang'amba mkono wa ovolosi ya a Namakhwa kuyambira pachigongono mpaka padzanja, khungu lokha ndilo lidapulumuka. Vutoli lidakumana ndi nthawi yoti sitolo ya m'tauni imene tinkagulako idalibe malamba a saizi yathu, ati katundu sakulowa. A Chigwenembe ankapita ku Lilongwe n'kubwerako ndi mafuta othera panjira basi. Oduka aja tinkawapititsa kokawotcherera, koma ankadukanso pambali penipeni pa chilumikizocho. Tidali ndi ntchito ya mipando ya tchalitchi china cha ku Mpingu, ndipo akuluakulu a mpingo ankabwera kudzaona mulu wa matabwa osadula.

A Chigwenembe adayamba kufunsa funso lawo la panjira: chasintha n'chiyani? Makina ndi omwewo, wokunga ndi yemweyo wa zaka zonse. Chatsopano adaona chimodzi, munthu woima pamakinapo. Ena adati a Namakhwa amakankha thabwa mwamphamvu. Ena ankanong'ona kuti anthu a kutali sudziwa zimene adanyamula pochoka kwawo. Bwana atapeza lamba mmodzi watsopano kwa mnzawo wa ku Mchinji, adanena pamaso pa tonse kuti ameneyu akaduka, a Namakhwa achoke, ndipo chipinda apereke. Munthuyo adalibe munda kuno, adalibe mbale, ndalama yokwerera basi ya banja lonse adalibenso. Ana ake adali atangozolowera sukulu.

Ine sindidakhulupirire zoti vuto ndi iwowo, chifukwa ndinkawaona akudula. Choncho ndidayamba kufufuza makinawo nthawi ya nkhomaliro. Ndidapala utomoni wa paini umene udakakamira pamawilo. Mphira wa pawilo lapansi udali utadyeka, ndidamatapo wina wodula kuchubu cha galimoto. Timatabwa ta mlombwa timene timagwira lamba m'mbali kuti asagwedezeke ndidatisema tatsopano. Kenaka ndidagwira pakati pa wilo lapamwamba makina atangozima, ndipo padali potentha moti sindidathe kusiyapo dzanja. Kuseri kwa handulo kuli sipuling'i yokhuthala imene imayenera kukhala ndi mipata kuti lamba akakumana ndi mfundo m'thabwa apeze pofewera. Ndidaipeza itapanikizika, mipata yonse itatsekeka. Nditatenga malamba oduka aja n'kuwayang'ana padzuwa, ndidaona timing'alu tating'ono m'munsi mwa mano, osati pamalo amodzi, koma kuzungulira lamba yense. Munthu wokankha thabwa mwamphamvu sang'amba lamba choncho. Zimenezi zidali zizindikiro za lamba wokungika mopitirira, ndipo amene adandiphunzitsa kuziwerenga ndi a Msampha omwewo. Ndidadziuza kuti sipuling'i yatopa ndi ukalamba. Ndidakapeza ina kwa okonza mathirakitala n'kuikapo. Patapita masiku ochepa nayonso idali itapanikizika.

Mmawa wina magetsi adathima, ndipo m'shopu mudali zii. A Msampha adapita pabendiso monga mwa masiku onse, ine ndikunola tchizulo pafupi. Adayamba kupotoza handulo, chala chikukola lamba. Bu, bu. Kenaka mawu adayera, ndipo ndidamva ndiii uja ndidamuzolowera zaka zonse. Ndidayembekeza kuti dzanja lichoka pahandulo. Silidachoke. Adapotozanso, adakolanso, mawu adakwera. Adasendeza mutu mpaka khutu lidatsala pang'ono kukhudza chitsulo, nkhope ili ngati ya munthu amene akufuna chinthu chimene adachisiya pomwepo dzulo. Adapotozabe mpaka lamba adayamba kulira mosongoka ngati waya wa mpanda. Nthawi yomweyo thabwa lalikulu limene lidatsamira khoma kumbuyo kwawo lidagwa pansi. Tonse tidadzidzimuka. Iwo sadacheuke.

Pamenepo zinthu zambiri zidabwera m'mutu mwanga nthawi imodzi. Wailesi ya kunyumba kwawo inkamveka mpaka kwathu. Kutchalitchi ankatsalira m'mbuyo poimba. Agogo anu aakazi ankadandaula kuti bambo ayamba mwano, sayankha akaitanidwa. Munthuyu adaima pambali pa makina opalira matabwa zaka zonsezo wopanda chotseka m'makutu, monga tonsefe tinkachitira.

Madzulo ndidauza amayi anu. Adandimvetsera akusenda maungu, osandiyang'ana.

"Ndiye mukufuna mukawauze kuti agontha?"

Ndidati sindikudziwa, koma munthu wosalakwa achotsedwa ntchito.

"Inu ndinu mkamwini pano," adatero. "Kodi mudabwera kudzakwatira kapena kudzayeza makutu a eni mudzi? Bambo ntchito ija ndiye moyo wawo. Mukawalanda, mudzawapatsa chiyani?"

Ndidawapempha kuti awauze iwowo monga mwana wawo, adati sangayambe. Ndidaganiza zodzera kwa ankhoswe, koma ankhoswe ndi a nkhani za banja, ndikadawauza kuti ndabwera ndi nkhani ya lamba akadandiseka. Choncho ndidasankha njira yachete. A Msampha akakunga n'kupita kumakina opalira, ine ndinkadutsa pabendiso ngati ndikufuna sikweya, kachida koyezera ngodya, n'kubweza handulo mpaka pamene ndinkadziwa kuti mpoyenera. A Namakhwa adandiona tsiku loyamba lomwe. Adangoyang'ana kumbali. Lamba watsopano uja sadaduke. Wilo lapamwamba lidasiya kutentha, mipando ya ku Mpingu idayamba kutuluka, a Chigwenembe adayambanso kuimba mluzu. Ndinkagona bwino, ndikudziona wanzeru.

Ndidaiwala kuti a Msampha makutu okha ndiwo adatha, dzanja lidali lomwe lija. Madzulo pokhwefula adayamba kuona kuti lamba akugwa msanga, handulo isanazungulire mmene adaizungulitsira mmawa. Sadafunse munthu. Adalemba kamzere ka pensulo pachitsulo cha handulo, ndipo masana adapeza kamzereko katasuntha. Kwa iwo nkhani yonse idamveka pomwepo: munthu wa ku Phalombe uja amene adamutola pamsewu wakhala akuseweretsa handulo yawo kuyambira kale, ndiye chifukwa chake malamba ankaduka. Adapita kwa bwana.

A Chigwenembe adatiitanitsa tonse pabendiso dzuwa lili pamutu, makina onse atazimitsidwa. Adafunsa a Namakhwa ngati adakhudza handulo. Adati ayi. Adawafunsa kuti nanga ndani, poti oima pamenepo tsiku lonse ndi iwowo.

"Sindinaone munthu, bwana," adayankha, maso ali pansi.

Bwana adati basi, nkhani yatha, pofika Loweruka chipinda chikhale chopanda munthu. Kukhomo la kuseri ndidaona akazi awo a Namakhwa ataima, mwana kumsana, m'manja muli chipande. Munthu uja adali atangonama kumene pofuna kunditeteza ine.

"Ndine, bwana," ndidatero. "Ndine ndimabweza handulo."

Onse adanditembenukira, kupatula a Msampha, amene adali akuyang'anabe a Namakhwa. Ataona kuti maso a anthu asunthira kwina, nawonso adacheuka.

"A Phiri akuti chiyani?"

Ndikadatha kuwayandikira n'kuwauza pafupi ndi khutu. Ndikadatha kupempha bwana kuti tikambe atatu muofesi. Zimenezi ndaziganiza kambirimbiri pambuyo pake. Panthawiyo ndidangokweza mawu pamene ndidaima, mkamwini kukuwira apongozi ake anyamata akumva.

"Ndati ndine ndimamukhwefula, Bambo. Lamba akumakungika kwambiri."

"Akumukunga kwambiri ndani?"

A Chigwenembe adayesa kuseka, n'kunena kuti mwina tonse tatopa, tikambe mawa. A Msampha adawakwezera dzanja kuti adikire. Adapita pamakina, adakhwefula lamba yense mpaka adalendewera, kenaka adandiuza kuti ndigwire handulo. Kadali koyamba kundiloleza. Adati ine ndizipotoza ndi kukola, iwo atembenuka kuti asaone dzanja langa, ndipo akati basi ndisiye, anthu aone ngati Msampha sadziwa lamba. Adatifulatira, dzanja limodzi lili m'mwamba.

Ndidayamba kupotoza. Bu, bu. Mawu adayera pang'onopang'ono mpaka adafika pamalo pake, ndipo aliyense m'shopumo adamva. Ndidasiya handulo. Dzanja lawo lidali m'mwamba. Ndidakolanso mwamphamvu, lamba adalira mpaka kudenga la malata. Ndidakolanso.

"Lizanitu, a Phiri," adatero osacheuka. "Mukudikira chiyani?"

Pamapeto pake adatembenuka. Adayang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi, kenaka adayang'ana lamba, amene adali akunjenjemerabe. Adaikapo chala chawo n'kumuziziritsa. Kenaka adavula chipewa, adapita pamene adaima a Namakhwa, munthu wa msinkhu wa mwana wawo.

"Ndakulakwirani, bambo. Pepani."

A Msampha adauza a Chigwenembe, mokweza kuposa mmene ankaganizira, kuti munthu uyu asachoke, alibe mlandu. Ine sadandiyang'ane. Adatenga njinga yawo n'kutuluka akuikankha, osaikwera. Bwana adawatumira mithenga kangapo kuti abwerere, azidzangoyang'anira ntchito ya manja ndi kuphunzitsa anyamata. Adayankha kuti kudimba kukufunika munthu.

Kumudzi zinthu zidandivuta. Amayi anu adakhala nthawi yaitali akundiyankha mawu amodziamodzi. Amalume awo adanena pabwalo kuti mkamwini ankafuna ufolomani, waupeza. Ndipo a Chigwenembe adandipatsadi ufolomaniwo. Ndidakana poyamba, koma inu mudali kusukulu, ndidavomera, ndipo kuvomera kwangako kudachititsa kuti mawu a amalume aoneke oona. Mpaka lero alipo pamudzi pano amene amakhulupirira choncho, ndipo ndidaleka kuwatsutsa.

Pantchito ndidasintha chinthu chimodzi msanga. Handulo idaleka kukhala ya munthu mmodzi. Wokunga ankakunga wina ataima pambali akumvetsera naye. Tidawonjezanso njira zosadalira khutu: kukankha lamba m'mbali ndi chala makina ali chizimire, kuona kuti akusuntha pang'ono chabe osafika kunenepa kwa pensulo, ndi kusuzumira sipuling'i ngati mipata ikuoneka. Ndidalamulanso kuti woima pamakina opalira aziika thonje m'makutu. Anyamata ankalichotsa ndikangotembenuka, ati likuwalepheretsa kumva nkhani.

Kumudzi, masiku ano

Ndidagwira ntchito pashopupo mpaka mawondo atayamba kukana. A Chigwenembe adamwalira shopu ili m'manja mwa ana awo, ndipo adandisiya bwino, sindidandaula. A Namakhwa adakhala pabendiso zaka zambiri. Adadzapeza malo awoawo kuseri kwa msika, adamanga nyumba ya njerwa zootcha, ana awo onse adamaliza sukulu kuno. Tikakumana pamaliro amandipatsa moni wa manja awiri, ndipo za tsiku lija sitidakambepo. Ndikayang'ana moyo wanga, kuchokera m'dzenje la ku Kabudula kufika pokhala ndi ana owerenga zimene bambo awo alemba, ndilibe choti ndingamudandaulire Mulungu. Ndidapatsidwa zambiri kuposa zimene ndidapempha, ndipo zambiri mwa izo zidadzera m'manja mwa munthu mmodzi. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti munthu ameneyo adatuluka pantchito yake akukankha njinga, anyamata akumuyang'ana. Abusa adandiuza kuti ndidachita zoyenera. Mwina n'zoona. Koma zoyenera zili ndi njira zambiri zochitira, ndipo ine ndidadikira mpaka padatsala yoipitsitsa.

Agogo anu adakhala zaka zingapo pambuyo pake. Sadandisale. Ndiwo zamasamba za kudimba kwawo zinkafika kunyumba kwathu, ndipo inu ankakunyamulani paphewa. Tikakumana tinkapatsana moni wa apongozi, wapatali, n'kupitirira. Za shopu adazitchula kamodzi kokha. Padali patatha miyezi ingapo chichokereni ntchito, mmawa wa nyengo yozizira, ndikudutsa ndi njinga m'njira ya m'mbali mwa dimba lawo. Adandiona, adaimika khasu n'kundikodola. Ndidatsika panjinga, ndidavula chipewa, ndidayandikira mpaka pampanda.

"Akudukabe?" adakuwa.

Ndidapukusa mutu kuti ayi.

"Nanga a Namakhwa alipo?"

Ndidagwedeza mutu kuti alipo.

Adandiyang'ana akupukuta manja pabuluku. Ndidaganiza kuti anena zina, ndipo ndidakonzeka kulandira chilichonse.

"Chabwino," adatero, akutola khasu. "Pitani, a Phiri, mungachedwe."